Ku Bagamoyo, komwe Chuma anatula katundu

Lolemba usiku, Dar es Salaam

Tafika bwino. Ndikulemba ndili chogona, mapazi atatupa, koma mtima uli m'malo. Tinanyamuka ku Blantyre Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa n'kuoloka pa Songwe, ndipo tinagona ku Mbeya. Lero basi yatitenga kusanache n'kudzatitula kuno mdima utagwa kale. Achemwali anga njirayi anaizolowera poti amabwera kudzapikula nsalu ndi nsapato ku Kariakoo, moti pamene ine ndimatong'ola maso pa zitunda za Kitonga ndi pa mbidzi za ku Mikumi, iwo anali m'tulo. Ndi iwonso amene anandimasulira za nthawi. Kuno wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likamatuluka, ndiye wogulitsa matikiti akati "saa kumi na mbili" akunena 6 koloko.

Achemwali atsala kuno ndi malonda awo. Ine mawa ndilowera ku Bagamoyo. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo chaka ndi chaka ndimaphunzitsa za David Livingstone. Tikafika pa imfa yake ana amayankhira pamodzi ngati nyimbo kuti "Susi ndi Chuma ananyamula mtembo wake mpaka kunyanja," ndipo amatchula mayina awiriwo mwa mpweya umodzi ngati ndi munthu mmodzi. Chonsecho Chuma ameneyu anali mwana wa Chiyao amene anawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 kwathu komweko, n'kukakhala pa mishoni ya Magomero, pamalo poti ine ndimafikapo pa njinga. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikufuna kudzaona ndi maso anga pamene anatula katundu uja.

Lachiwiri, Bagamoyo

Kuchoka ku Dar es Salaam kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 75, koma nthawi yambiri inathera pa mdipiti wa magalimoto a mumzinda. Ndinakwera minibasi, kuno amati daladala, kudzera ku Tegeta ndi ku Bunju, ndipo dzuwa lili paliwombo ndinali nditafika. Nditangoponya chikwama kumalo ogona ndinathamangira kugombe, poti nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo chibadwire.

Ndinapeza nyanja kulibe. Panali mchenga wonyowa ndi matope mtunda wautali ndithu, mabwato atagona cham'mbali pouma, amayi atawerama kutola nkhono, madzi akungonyezimira kutali uko. Pansi pa mtengo panali bambo wachikulire akusoka ukonde. Ndinawapatsa moni wa "shikamoo" monga anandilangizira achemwali, iwo n'kuyankha "marahaba," ndipo nditawafunsa za madziwo anandilozera chipika kuti ndikhalepo ndidikire. Ndinadikiradi. Dzuwa litapendeka madzi anayamba kubwera, osati ndi mafunde aukali ayi, koma chokwawa, kudzaza kadzenje aka, kenako ako, mpaka mabwato aja anadzuka limodzilimodzi n'kuyamba kuvina. Nyanja ya Chilwa imaphwa pakapita zaka zambiri ndipo dziko lonse limagwira njakata. Iyi imaphwa kawiri pa tsiku, eni ake osatekeseka.

Madzi osaya amenewa ndi amene anakweza tauni ino, ndipo ndi omwewo amene anaigwetsa. Zombo za matanga zimakonda gombe lotere chifukwa zimangotsamira pamchenga anthu n'kutsitsa katundu. Koma sitima zikuluzikulu za malasha zinkaima kutali, ndiye mu 1891 Ajeremani anasamutsa likulu lawo kupita ku Dar es Salaam komwe doko ndi lakuya. Njanji yolowera kumtunda itayamba kumangidwa mu 1905, inayambiranso komweko. Maulendo a onyamula katundu pamutu anatha, ndipo Bagamoyo anatsala ndi nyumba zake.

Dzinali limachokera ku mawu akuti "bwaga moyo." M'Chiswahili moyo ndi mtima, ndiye tanthauzo lake ndi lakuti tula mtima pansi. Ena amati ankanena choncho ndi amtengatenga pofika kunyanja atayenda miyezi, kuti tsopano tipume. Ena amati ndi akapolo, poona kuti kwawo sadzakuonanso. M'khutu mwa ife olankhula Chichewa moyo ndi moyo basi, ndipo ndikamalitchula dzinali ndikumva ngati akuti siya moyo wako pano.

Madzulo ndinayenda pang'ono mumsewu wakale wotsata gombe. Nyumba zake ndi za miyala ya m'nyanja, zina zosanja, zambiri denga linapita kalekale. Pa ina kachere anamera pamwamba pa khoma, mizu yake n'kutsika ngati zala mpaka pansi, ndipo sungadziwe ngati mtengowo ukugwetsa khomalo kapena ndi umene ukulichirikiza. Chitseko chake chikadalipo, cha thabwa lolemera, mphuthu zake zosemedwa maluwa ndi unyolo. Pakhomo pomwepo mayi wina amakazinga zitumbuwa za mpunga, iwo amati vitumbua, ana ake akusewera m'chipinda chopanda denga. Ndinagula zitatu n'kudyera pomwepo.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la Ajeremani, ndipo ndatopa m'thupi ndi mumtima momwe.

Ndayenda ndi mnyamata woperekeza alendo, wodziwa zinthu, amene atamva ntchito yanga wakhala akundiitana kuti "mwalimu" tsiku lonse. Tinayambira pa linga lakale. Anayamba kulimanga ndi Mwarabu wamalonda, Abdallah Selemani Marhabi, cha m'ma 1860. Sultan wa ku Zanzibar analilimbitsa, Ajeremani anaikamo asilikali, Angerezi analisandutsa ndende, ndipo dziko litalandira ufulu munakhala apolisi. Aliyense amene analamulira gombe lino anapezamo chipinda chotsekeramo anthu.

Kenako mnyamata uja anati, "Mwalimu, tiyeni ku Boma." Ndinaima kaye. Mawu amenewa ife timawatchula tsiku lililonse: ndikupita pa boma, boma lalamula, ntchito ya m'boma. Kwa Aswahili boma poyamba linali mpanda wotchinga mudzi kapena ziweto. Atsamunda atamanga malikulu awo otchingidwa, dzinalo linasamukira kumeneko n'kuyenda mpaka kukafika kwathu. Lero mawuwo ndawaona ali ndi makoma ndi mazenera.

Boma la kuno linatha kumangidwa mu 1897. Ndi chinyumba chosanja, cha makonde aatali oyang'ana kunyanja, ndipo ngakhale mvula ya El Niño ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inagwetsako mbali ina, ukaima patsinde pake umadziona kuchepa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pomanga nyumbayi likulu linali litasamuka kale zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Iyi inali ofesi ya bwanamkubwa wa chigawo chabe, koma taonani kukula kwake. Munthu womanga chonchi sakuganiza zochoka. Anakhalamo zaka 19 zokha, chifukwa pa 15 August 1916 Angerezi analanda tauniyi.

Pamalo pena pulasitala anasupuka, ndipo ndinapapasa mwala wa m'kati. Ndi mwala womera pansi pa nyanja, wa timabowo ngati chisa cha njuchi, wokanda m'manja. Winawake anakaudula madzi ataphwa, wina anausenza pamutu kukwera nawo mtunda uwu, wina anaotcha miyala inzake kuti apeze laimu womangira, wina anatunga madzi okandira. Nyumbayi imatchedwa ya Ajeremani, koma Mjeremani amene anasenza mwala umenewu ine sindikumuona.

Nkhani ya kubwera kwawo mnyamata uja anaifotokoza titakhala pamthunzi. Mu 1888 kampani ya Ajeremani inalandira kwa Sultan wa ku Zanzibar mphamvu zoyendetsa gombe lino ndi kutolera msonkho. Anabwera mwamwano, osalemekeza akuluakulu a m'matauni ngakhale mizikiti, ndipo chaka chomwecho gombe lonse linawaukira, wotsogolera wodziwika ali Abushiri. Ku Berlin anatumiza Hermann von Wissmann ndi asilikali aganyu, ena ochokera ku Sudan, ena Ashangani a ku Mozambique. Mu May 1889 anaphwasula msasa wa Abushiri pafupi ndi pano, ndipo mu December chaka chomwecho anamupachika ku Pangani. Kuno nakonso kuli malo amene ankapachikirapo anthu, pafupi ndi gombe, ndipo anamangapo chipilala chachikumbutso. Sindikufuna kumuyeretsa Abushiri. Anali mwini minda ndi akapolo, ndipo china chimene ankamenyera ndi malonda ake, monga Mlozi amene Angerezi anamupachika ku Karonga mu 1895. Koma amene anafa ambiri pa nkhondoyi sanali eni minda. Anali anthu wamba a m'midzi yotenthedwa.

Dzina la Wissmann litatchulidwa ndinamuuza mnyamatayo kuti ife tikulidziwa. Linalembedwa pa sitima ya nkhondo ya Ajeremani pa nyanja yathu, ija imene sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inakaiwombera mu August 1914 ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero amati Liuli, woyendetsa wake asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mfuti ya Guendolen ikadali pa Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi. Iye anatulutsa foni n'kulemba zimenezi, akuti azikauza alendo ena.

Manda a Ajeremani ali pafupi ndi nyanja, otchingidwa ndi kakhoma, osesedwa bwino. Mwala uliwonse uli ndi dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Ambiri anali anyamata, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa nawonso anali ana a eni, ofera kutali ndi amayi awo. Koma potuluka pachipata ndinayang'ana mchenga wa kunja kwa kakhomako n'kudzifunsa kuti Mshangani uja anagona pati.

Tinamalizira pa nyumba ya kasitomu ya 1895, pamene mbali ina ndi bwinja, ina ikugwirabe ntchito. Pambali pake pali chinthu chimene ndinachiyang'ana nthawi yaitali kuposa Boma. Ndi mizere ya timizati ta simenti, kalikonse kali ndi chitsulo pamwamba, ndipo chitsulocho chili ndi kambale kozungulira ngati mkombero wa chipewa. Pamenepa panali nyumba yosungiramo katundu wa kampani ya Ajeremani, yokhazikidwa pamwamba pa timizatito, ndipo m'timbalemo ankathiramo parafini kuti makoswe asakwere. Nyumbayo inapita, katunduyo anapita, kampaniyo inapita, timbale tokha tatsala tikusunga madzi a mvula. Anthu amenewa anaganiza mofatsa za khoswe. Ndinakumbuka nkhokwe za kwathu zimene timaveka malata m'miyendo, ndipo ndinaona kuti luso analinalo ndithu, koma analiika pa katundu.

Madzulo ndinabwerera kwa bambo osoka ukonde aja. Ndinawafunsa, m'Chiswahili changa chothyokathyoka, ngati zimawapweteka kuona nyumbazi zikugwa. Anati, "Mwanangu, nyumba ya Mjeremani ikagwa ine ndataya chiyani? Koma likagwa denga la msika wa nsomba, pamenepo ndiye ndilira." Sindinawatsutse, ndi akulu ndipo kwawo ndi kuno. Koma ine ndikuti zisagwe. Mwana wa sukulu ukamuuza kuti kunali atsamunda amangoloweza kuti akhoze mayeso. Ukamuimika pansi pa khoma lija, n'kumuuza kuti mwala uwu anasenza ndi munthu wonga agogo ako, sadzafunanso kuloweza. Kwathunso tili ndi Fort Lister ndi Fort Mangochi zimene zikumera tchire, ndipo ana anga ambiri sadziwa kuti ziliko.

Lachinayi

M'mawa ndinakwera njinga yamoto kupita ku Kaole, makilomita asanu kum'mwera. Kumeneko kuli mabwinja akale kwambiri kuposa a Ajeremani: mzikiti wa zaka za m'ma 1200, wina wa pambuyo pake, manda a zipilala zazitali, ndi chitsime cha madzi abwino pafupi penipeni ndi madzi amchere. Doko lake linatsekeka ndi matope ndi mitengo yomera m'madzi, anthu n'kusamukira ku Bagamoyo. Sindinakhalitse chifukwa kunatentha, koma ndinakondwa kuti ndinapitako. Anthu a gombe lino ankamanga ndi miyala, kupemphera ndi kuchita malonda ndi maiko akutali zaka mazana ambiri Mzungu asanaponde pano.

Masana ndinalowa mu Caravan Serai, bwalo lozunguliridwa ndi tizipinda pamene apaulendo ochokera kumtunda ankafikira. Pakhomo pali chosema cha munthu atasenza mnyanga wa njovu. Apa ndiyenera kukonza chimene ndinabwera nacho m'mutu. Ine ndinkayesa kuti anthu athu ogwidwa ku Nkhotakota kwa Jumbe ankadzera kuno. Ayi, ambiri mwa iwo akaoloka nyanja ankalowera ku Kilwa, kum'mwera kwenikweni. Njira ya kuno inkachokera ku Ujiji pa nyanja ya Tanganyika, kudzera ku Tabora, mtunda woposa makilomita 1,000. Akapolo ankadutsadi pano, koma chuma chachikulu cha Bagamoyo chinali minyanga, ndipo oisenza ambiri anali Anyamwezi olipidwa, amene kwa iwo kufika kunyanja kunali chizindikiro cha uchamuna. Munthu mmodzi ankasenza makilogalamu pafupifupi 30, tsiku ndi tsiku, miyezi itatu kapena kuposa. Pobwerera ankasenza nsalu, mikanda, waya ndi onga wa mfuti. Richard Burton ndi John Speke mu 1857, Henry Stanley mu 1871, onse amene mabuku amati anatulukira malo, ananyamukira gombe lino atatsamira pa misana ya anthu amenewa.

Ndinaima patsogolo pa chosemacho n'kukumbuka agogo awo a bambo anga. Pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, anagwidwa kukakhala mtengatenga, monga anachitira amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland, kusenza ufa ndi zipolopolo za Angerezi pothamangitsa Ajeremani omwewa m'tchire la dziko lino. Anabwerako, koma akuti pamutu pawo tsitsi silinamerenso, ndipo akaledzera ankaimba nyimbo ya chilankhulo chimene pamudzi panalibe wochimva. Chithunzi chawo palibe. Dzina lawo timalidziwa ife a pabanja tokha.

Chakudya cha lero: wali wa kokonati ndi nsomba yokazinga pagombe. Polipira mayi wogulitsayo anati "hela," ndipo mnyamata wa dzulo uja anali atandiuza kuti mawuwo anachokera ku heller, kandalama ka Ajeremani, monganso "shule" anachokera ku mawu awo a sukulu.

Lachisanu

Ndinasunga mishoni kuti ikhale yomaliza.

Ili kumpoto kwa tauni, ndipo umafikako kudzera mumsewu wowongoka wa mitengo ya mango ikuluikulu. Ansembe a Mzimu Woyera, ambiri a ku France, anafika pano mu 1868 motsogozedwa ndi Bambo Antoine Horner, ndipo inali mishoni yoyamba ya Akatolika kumtunda kwa dera lino. Ankagula ana kwa ogulitsa akapolo n'kuwalera, kuwaphunzitsa ukalipentala, ulimi ndi katekisimu, kenako kuwakwatitsa n'kuwapatsa malo m'mudzi wa omasulidwa. Pali mlambe umene anabzala chaka chomwecho cha 1868. Lero ndi chimtengo choti anthu angapo agwirane manja kuti achizungulire, ndipo m'thunthu mwake mukutuluka kachidutswa ka unyolo kamene ankamangirapo bulu, mtengo n'kukameza pokula.

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale muli maunyolo, magoli ndi zikwapu. Izi ndinaziyembekezera. Chimene sindinachiyembekezere ndi kapepala. Ndi chikalata cha ufulu cha nthawi ya Ajeremani, chodindidwa bwinobwino, chonena kuti uje tsopano ndi mfulu. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo Ajeremani polanda gombe lino ankalengeza ku Ulaya kuti akudzathetsa ukapolo. Koma atakhazikika sanauthetse. Anangolamula kuti ana obadwa chikatha chaka cha 1905 akhale mfulu, ndipo wamkulu ankayenera kudziwombola kapena kuwomboledwa, n'kupatsidwa kapepala aka kuti aziyenda nako. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo m'dziko lino mu 1922, Ajeremani atapita kale. Ndinaganiza za munthu wosadziwa kuwerenga, akusunga kapepala m'chibande kuti kasanyowe, podziwa kuti kakatayika ndiye kuti iyenso watayika.

Kenako ndinapita pa nsanja. Tchalitchi choyamba cha 1872 chinagwetsedwa, inatsala nsanja yokhayi, yoyera, yosatalika kwambiri. Amaitcha nsanja ya Livingstone chifukwa mu February 1874 mtembo wake unagona pano usiku umodzi, podikira chombo chopita ku Zanzibar.

Ndinakhala pansi pa udzu n'kuyamba kuwerengera. Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anthu ake akanatha kumuika pomwepo, kugawana nsalu ndi mfuti, aliyense n'kulowera kwake, ndipo palibe akanawafunsa. M'malo mwake anasankha Abdullah Susi, wa ku Shupanga pa Zambezi, ndi James Chuma kuti awatsogolere. Anachotsa mtima ndi zam'kati n'kuzikwirira pansi pa mtengo wa mpundu. Jacob Wainwright, amene ankadziwa kulemba, anawerenga mapemphero n'kulemba dzina pa mtengowo. Thupilo analithira mchere n'kuliyanika padzuwa masabata awiri, kulipinda miyendo, kulikulunga m'nsalu ndi m'khungwa, n'kulimangirira pa mtengo woti anthu awiri asenze. Anatenganso mabuku ake onse ndi zipangizo zake, osasiya kanthu.

Anayenda miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500. Anadwala, ena anamwalira panjira, ndipo pagululo panalinso amayi, monga Halima amene ankaphika. Aliyense wa ife akudziwa kuti kudutsa ndi maliro m'mudzi wa eni si nkhani yamasewera, mfumu ikhoza kukulipiritsa kapena kukubweza. Atafika ku Tabora anakumana ndi Angerezi otsogozedwa ndi Verney Cameron, amene anawauza kuti angomuika pomwepo. Anakana. Kutsogolo, atamva kuti midzi ina siwalola kudutsa, ananamizira kuti mtembo aubweza, koma anaumanganso mooneka ngati mtolo wa nsalu zamalonda n'kupitirira nawo.

Azungu ambiri analemba kuti uku kunali kukhulupirika kwa antchito kwa bwana wawo. Ine ndikuona china. Ife munthu akafera kuchilendo sitimusiya. Lero lomwe lino wina akamwalira ku Johannesburg, anzake amasonkha ndalama, ena osadya, kuti bokosi likwere galimoto mpaka likafike pamudzi, amake akaone nkhope. Chuma anachotsedwa kwawo ali mwana, ndipo ankadziwa bwino kuwawa kwa kutayika osadziwika kumene unagona. Anachitira mkulu uja mwambo umene iye mwini sakanachitiridwa.

Atafika pano ntchito yawo inathera pomwepo. Analipidwa n'kubalalitsidwa. Ndi Wainwright yekha amene anakwera sitima ndi bokosilo, ndipo pa mwambo wa ku Westminster Abbey pa 18 April 1874 Susi ndi Chuma kunalibe. Anafika ku Britain maliro atapita, ndipo kumeneko anathandiza Horace Waller, bwenzi la Livingstone, kulongosola zolemba zomaliza za Livingstone, pofotokoza za masiku amene mwini wakeyo analibenso mphamvu zolembera. Zimene timaphunzitsa za imfa yake, kuti anamupeza atagwada pambali pa bedi, zinachokera pakamwa pa anthu akewa. Chuma sanathere pamenepo. Anagwira ntchito ndi amishoni a UMCA, omwe aja anayambitsa mishoni ya Magomero, kenako anatsogolera ulendo wa Joseph Thomson wa 1879 wopita ku nyanja yathu ndi ya Tanganyika. Anamwalira ku Zanzibar mu 1882, ali ndi zaka za m'ma 30 basi. Susi anamwalira komweko mu 1891.

Mwana wochoka ku Magomero, kukafika ku Bombay ku India, kubwerera, kuyendera nyanja zingapo za m'kati mwa Africa wapansi, kukafika ku Britain. Ndikabwerera, phunziro lija ndidzaligawa pawiri, tsiku lina la Susi, tsiku lina la Chuma, ndipo la Chuma tidzakaphunzirira ku Magomero komweko.

Ndisanachoke ndinalowa m'tchalitchi chachikulu chimene anamanga pambuyo pake. Munali kwaya ikuyeserera nyimbo za Lamulungu. Mawu sindimawamva onse, koma mayimbidwe ake ndi omwe aja a kwathu, wina kutsogola, ena kuvomera. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo mpaka anamaliza.

Loweruka m'mawa

Achemwali aimba foni kuti katundu wamangidwa, basi ya ku Mbeya ndi mawa m'bandakucha, ndisachedwe. "Achimwene, miyalayo simunaione mokwanira?" Ndawauza kuti ndifika masana.

Ndinadzuka kukadali kamdima kupita kugombe. Kuno dzuwa limatulukira m'madzi. Mphepo ya kum'mwera imene iwo amati kusi, mbale wake wa mwera wathu, inali ikuwomba pang'ono. Chombo cha matanga chinali chitaima chapatali pang'ono kutsogolo kwa nyumba ya kasitomu ija, ndipo anyamata amalowa m'madzi olekeza m'chiuno, kusenza matumba ndi zigubu pamutu, kutuluka nazo kumtunda, kutula, kubwereranso. Mmodzi anali ataika nkhata ya chiguduli pamutu, yopindidwa ndendende mmene amayi anga amapindira yawo popita kuchitsime. Ndinawerenga maulendo ake mpaka khumi ndi awiri, ndiye ndinasiya.

Bambo osoka ukonde aja anali pamalo pawo. Ndinawatsanzika, iwo n'kundiuza kuti ndikapereke moni kwa anthu a ku Nyasa. Kenako ndinavula nsapato, kupinda buluku, n'kulowa m'madzi ndi botolo la malita awiri. Ana a m'kalasi mwanga anandituma madzi a m'nyanja ino, akuti akufuna adzalawe okha ngati alidi amchere. Ndalitseka bwino, ndalikulunga m'jumbo ziwiri, lili pansi pa chikwama.